Mpunga wokazinga wa char siu ukumangosanduka phala, ndikulakwitsa pati?

Nachisale:
Moni nonse. Ndithandizeni pa mpunga wokazinga wa Chitchaina, uja amaikamo nyama ya nkhumba yowotcha, yofiira m'mbali komanso yotsekemera, imene amati char siu. Wanga ukumamatirana n'kukakamira pachiwaya. Nyama ikumada kunja koma mkati ili gwa, youma. Ndikathira soy sauce wambiri kuti mtundu utuluke, mchere ukumachuluka. Ndimaphika Kilombero makapu 4 chifukwa pakhomo tilipo 6, ndipo ndimakazingira m'chiwaya wamba pasitovu yamagetsi. Nyama ndimagula ya mnofu wokhawokha. Hoisin (msuzi wokhuthala wotsekemera wa Chitchaina), soy sauce ndi five-spice (ufa wa zonunkhiritsa zisanu) ndili nazo, uvuni ulipo, mbaula iliponso. Odziwa ndiuzeni miyezo yeniyeni chonde.

Chiwaya_Chakuda:
Asisi, vuto layambira pa makapu 4 amenewo. Mpunga wochuluka choncho ukapsa umakwana makilogalamu 2 kapena kupitirira, ndipo palibe sitovu ya m'nyumba imene ingatenthetse mulu wotere nthawi imodzi. Mukangoukhuthulira m'chiwaya, chiwaya chimazizira, madzi a mumpungamo amalephera kuuluka, ndiye mpunga umayamba kuwira m'nthunzi yake yomwe. Apo simukukazinganso ayi, mukuphika kachiwiri. Ku Guangdong ndi ku Hong Kong, kummwera kwa China, kumene chakudyachi chinakhazikika, ophika m'malesitilanti amakazinga mbale imodzi kapena ziwiri basi, pamoto wa gasi waukali kwambiri kuposa wa m'nyumba. Ngati iwo ndi moto umenewo sadzaza wok, chiwaya chawo chakuya chokazingira, ife tisayerekeze n'komwe.

Kwa anthu 6 phikani makapu 3 okha. Mupeza makapu pafupifupi 9 a mpunga wakupsa, ndipo mukazinge maulendo 3, makapu 3 ulendo uliwonse. Ulendo umodzi sudutsa mphindi 6 zinthu zonse zikakhala kuti mwadula kale.

Kilombero alibe mlandu. Fungo lake ndi loyandikana ndi la mpunga wa jasmine umene amakonda kuphika kummwera kwa China, kungoti ndi wofewa, makamaka wongokolola kumene. Tsukani katatu kapena kanayi mpaka madzi asiye kuchita mbuu, chifukwa ufa wa pamwamba pa njere ndi umene umamata. Madzi ikani kapu 1 ndi kota pa kapu iliyonse ya mpunga, osathira mafuta kapena mchere. Ukawira chepetsani moto, vundikirani mphindi 12, phulani, muusiye chivundikirire mphindi 10 zina. Kenako uyaleni pathireyi kuti nthunzi ituluke, ndipo ukazizira uloweni m'firiji osavundikira, ugone. Mawa lake phwanyani zibuma ndi manja musanayatse moto, njere iliyonse ikhale payokha. Kuphwanyira m'chiwaya ndi mthiko kumangothyola njere.

Pa makapu 3 a mpunga wakupsa mufunika char siu magalamu 150 yodula timabokosi ta sentimita 1, mazira 2, theka la kapu ya nsawawa ndi karoti zofutsa kale n'kuzitsanula bwino, adyo tizidutswa 2, anyezi wamasamba mitengo 3, mafuta masipuni aakulu 3, light soy sauce sipuni yaikulu 1, mchere theka la sipuni ya tiyi, ndi tsabola woyera pang'ono.

Tenthetsani chiwaya chili chouma mpaka dontho la madzi lizithawathawa pamwamba, kenako ndiye mafuta. Mukathira mafuta m'chiwaya chozizira mpunga ukakamira, kaya ndi wouma chotani. Yambani ndi mazira m'sipuni 1 ya mafuta, masekondi 20, muwachotse akadali ofewa. Onjezani mafuta otsalawo, ikani adyo ndi mbali yoyera ya anyezi masekondi 10, mpunga pamwamba pomwepo. Uyaleni chiwaya chonse, muusiye masekondi 20 osaukhudza, tembenuzani, yalaninso. Chitani choncho mphindi 3. Mudziwa kuti wafika pamene njere zina ziyamba kuthetheka n'kumadumpha m'mbali mwa chiwaya. Apo ikani nyama ndi nsawawa, mphindi 1. Soy sauce muthire mozungulira m'mbali mwa chiwaya, osati pakati pa mpunga, kuti achite "tswee" pachitsulo asanafike panjere. Fungo limatuluka pamenepo ndipo mpunga sunyowa. Bwezeranimo mazira, masamba a anyezi ndi tsabola, zimitsani moto. Ngati muli ndi mafuta a chitowe, sipuni ya tiyi 1 moto utazima, chifukwa amenewo si okazingira.

Za mchere: soy sauce alipo wamitundu iwiri. Light ndi wa mchere, dark ndi wa mtundu. Mukamachulutsa light pofuna mtundu muzingowonjezera mchere ndi madzi. Theka la sipuni ya tiyi ya dark likukwanira. Komanso dziwani kuti wa Chikantoni weniweni, kutanthauza wa ku Guangdong ndi ku Hong Kong kuja, sakhala wakuda, amaoneka woyererako, chikasu cha mazira, kufiira kwa nyama ndi kubiriwira kwa anyezi zili poyera. Ine ndinganene kuti musiyeni choncho.

NaJere:
Za mpunga achimwene afotokoza bwino, ine ndikambe za nyama. Mnofu wokhawokha uja muusiye. Char siu imafuna nyama ya pakhosi kapena paphewa, imene ili ndi timizere ta mafuta mkati. Mafutawo akamasungunuka ndi amene amateteza nyama kuti isaume, ndipo kumbukirani kuti nyamayi ipsa kawiri, mu uvuni ndi m'chiwaya. Ya pamsana kapena ya mwendo siingapirire zimenezo.

Kilogalamu 1 muidule mizere italiitali motsata ulusi wa nyama, kunenepa kwake masentimita 4 mpaka 5. Yopyapyala kuposa apo imauma shuga asanamate. Sakanizani hoisin masipuni aakulu 3, light soy sauce 2, oyster sauce 1, shuga wabulauni 2, vinyo wa mpunga wotchedwa Shaoxing 1, five-spice sipuni ya tiyi 1, mchere theka la sipuni ya tiyi, ndi adyo tizidutswa 3 tosinja. Five-spice musapitirire muyezo: muli star anise, cloves, sinamoni, fennel ndi tsabola wa ku Sichuan, ndipo akachuluka nyama imamveka ngati mankhwala. Vinyo ngati simumwa kapena simunamupeze, musiyeni, sizionongeka. Musanaikemo nyama patulani masipuni 3 a msuziwo musunge padera. Wotsalawo pakani nyama yonse, igone m'firiji maola 12 mpaka 24.

Kuda kwa kunja kuja ndi shuga wopserera. Ambiri amathira uchi wonse pachiyambi kenako n'kuwotcha pamoto waukulu, ndiye kunja kumapserera mkati musanapse. Uchi ndi wa kumapeto. Tenthetsani uvuni madigiri 200. Nyama ikhale pawaya, pansi pake thireyi yokhala ndi madzi kapu 1 kuti zodontha zisapsere n'kudzaza utsi. Wotchani mphindi 20, tembenuzani, pakani msuzi munasunga uja, mphindi 15 zina. Tsopano sakanizani uchi masipuni 2 ndi madzi otentha sipuni 1, pakani, kwezani moto kufika 230, mphindi 3 kapena 4 mbali iliyonse. Apa musachoke pa uvuni. Mukufuna kuti nsonga zokha zide pang'ono, pena ponse pazinyezimira. Ikatuluka ipume mphindi 10 musanaidule, apo ayi madzi ake onse athera pathabwa.

Kwa Atchaina chopakira chenicheni ndi maltose, shuga wokhuthala ngati manyuchi, amene amamata ndi kuwala kuposa uchi, koma uchi umagwira bwino ntchito. Kufiira kuja kumachokera ku tofu wofiira wowoletsa amene amati nam yu, kapena ku mtundu wothira m'zakudya. Nam yu amawonjezera kukoma, mukamuona m'shopu ya Atchaina gulani, tizidutswa 2 pa kilogalamu, ndipo mcherewo muuchotse. Mtundu wa m'botolo ndi wa maso chabe.

Chinanso, m'chiwaya nyamayi ilowe kumapeto monga anenera achimwene. Ili ndi shuga pamwamba. Mukayamba ndi iyo, shuga amamata pansi pa chiwaya, mpunga n'kumata pashugapo.

Mlongoti77:
Ndikugwirizana nazo, koma pa za kugoneka mpunga ndionjezepo. Chofunika si kugona, ndi kuuma kwa pamwamba pa njere. Mpunga wophika ndi madzi ochepa, woyala mopyapyala pathireyi kapena palichero loyera pamalo odutsa mphepo kwa mphindi 40, umakazingika bwinobwino tsiku lomwelo. Ndikunena izi chifukwa magetsi akazima usiku, mpunga wogona umakhala woopsa. Mumpunga mumapezeka bakiteriya wotchedwa Bacillus cereus, amene safa yense pophika. Mpunga ukakhalitsa pofunda amachulukana n'kutulutsa poizoni amene kukazinga sikumuchotsa, ndipo munthu amayamba kusanza pakangopita maola ochepa. Choncho mpunga ulowe m'firiji pasanathe ola 1 chiphulireni, ndipo mukazinge tsiku lotsatira. Wogona mumphika panja, ngakhale usakununkha, musakazingire ana. Ngati firiji yanu siyodalirika, phikani masana, kazingani madzulo.

Nyama nayo ipse mpaka mkati. Muli ndi choyezera kutentha, ifike madigiri 71 pakati penipeni, makamaka ngati nkhumbayo inali yoyendayenda, chifukwa cha nyongolotsi za tapeworm. Podula yaiwisi yang'anani mnofu: mukaona timatuza toyera tating'onoting'ono mkati, nyama imeneyo si yodya. Ya paphewa siuma pa 71, ndi ubwino wina wa mafuta aja.

Nachisale:
Zikomo kwambiri nonse, ndamvetsa pamene zimasokonekera. Funso lina: sitovu yanga imachedwa kutentha ndipo ndikathira zinthu imatenga nthawi kuti ibwerere. Kodi mbaula singachite bwino? Nanga char siu ingatheke pamakala?

Chiwaya_Chakuda:
Pa mpunga, mbaula ikuposa sitovu yamagetsi kutali. Dzazani makala, dikirani onse ayake afiire, lawi ndi utsi zitatha, ndipo khomo la mphepo likhale lotsegula. Chiwaya chikhale chachitsulo, kaya wok wa carbon steel kaya chokhuthala cha cast iron. Cha non-stick musachiike pamoto wotere, utoto wake umaonongeka. Poti pambaula simungachepetse moto msanga, kachepetsedwe kake n'kunyamula chiwaya masekondi angapo, ndiye zonse zikhale m'timbale pafupi ndi dzanja musanayambe. Adyo amapserera m'masekondi ochepa, mpunga uzikhala uli m'manja kale pamene mukumuika. Fungo la kautsi limene Akantoni amati wok hei limayandikira kwambiri pamakala. Ulendo ukatha pukutani chiwaya ndi pepala kapena kansalu kouma, chitenthenso, ndiye muyambe wina. Zotsalira za soy sauce zikakhalamo zimawawitsa ulendo wachiwiri.

NaJere:
Char siu pamakala imatheka, koma isakhale pamwamba pa moto weniweni. Kankhirani makala mbali imodzi, nyama ikhale pawaya kumbali yopanda makala, muivundikire ndi mphika waukulu wakale kuti kutentha kuzungulire. Tembenuzani mphindi 8 zilizonse, zonse pamodzi mphindi 40 mpaka 50 malinga ndi moto. Mukapaka uchi ndiye muisunthire pamakala penipeni, mphindi 1 mbali iliyonse, mukuyang'ana. Mafuta akadonthera n'kubutsa lawi, isunthireni pambali lizime, chifukwa mwaye wake umawawa.

Kilogalamu yaiwisi ikapsa imatsala magalamu pafupifupi 700. Pa maulendo 3 aja mugwiritsa ntchito 450. Yotsalayo musaidule, ikulungeni yathunthu, m'firiji ikhala masiku 3, mufiriza miyezi 2. Yozizira ndi imene imaduka bwino timabokosi, choncho wotchani nyama dzulo lake ngati firiji ikulola.