Kodi anzathu a ku Ethiopia amagwira bwanji chitukuko popanda alawansi?

NaPhiri wa ku Muloza:
Abale ndithandizeni. Kuno kamlatho kathu kanakokoloka ndi Freddy mu 2023 mpaka lero tikuwolokera pamtengo, amfumu akamema chitukuko kumabwera azimayi okhaokha, anyamata funso lawo ndi loti kuli kangachepe? Ndiye ndamva zoti ku Ethiopia mu July 2019 anthu anatuluka dziko lonse kukadzala mitengo, boma lawo nkunena kuti yapitirira 350 miliyoni tsiku limodzi. Amawalipira kapena ndi mtima wabwino chabe?

Bambo a Chisomo, Luchenza:
Mayi, kumeneko chomwe chimagwira ntchito ndi malamulo. Ali ndi timagulu ta maliro totchedwa iddir, pafupifupi lokeshoni iliyonse ku Addis Ababa ngakhale kumidzi, banja lililonse limasonkha mwezi ndi mwezi, pali tcheyamani, mlembi, msungichuma ndi kaundula wa mayina, gulu limakhala ndi matenti ake, mabenchi, mapoto akuluakulu. Maliro akagwa wina amazungulira ndi lipenga kudziwitsa anthu, ukajomba popanda chifukwa ndi faindi, ukazolowera amakufufuta m'buku ndipo zikakugwera iwe ulira wekha. Edzi itavuta magulu ambiri anasintha malamulo kuti azithandizanso odwala ndi ana amasiye osangodikira kukwirira. Alinso ndi equb, chipereganyu chathu chomwechi, ndi debo yomwe ndi dima, kulimirana kumunda mwini wake nkuphika chakudya ndi mowa. Mwana akakulira m'zimenezi kudzala mtengo samakuona kwachilendo.

Mlomwe Weniweni:
Koma achimwene manambala a mitengowo musameze onse, ndi boma la nduna yaikulu Abiy Ahmed lomwe linalengeza ndipo ambiri anakayikira, komanso tsikulo maofesi ena aboma anatsekedwa kuti antchito akadzale, kudzipereka kwake nkotani bwana akukuyang'ana kkkk. Ku Tigray, kumpoto kwa Ethiopia, alimi akhala akupereka masiku ogwira ulere chaka chilichonse kumanga migula m'mapiri, zinathandizadi nthaka koma kukana kunalibe. Ife a Thyolo ndi Mulanje tisamanyozedwe, agogo athu anavutika ndi thangata m'maesiteti, kenako Youth Week ya Kamuzu, munthu akamva za ntchito yaulere amayamba wafunsa kuti apindule ndani.

Anambewe_Bvumbwe:
Zoona koma osakakamizidwa aliponso. Ku Ethiopia komweko mayi Abebech Gobena anayamba mu 1980 kutola ana omwe makolo awo anafa ndi njala, zinakula mpaka kukhala malo akulu olerera amasiye, anamwalira mu 2021. Biniam Belete naye anatsegula Mekedonia yosunga okalamba ndi odwala misala otoledwa m'misewu. Kunonso adzukulu amakumba manda ndani amawalipira? Amvano akamakatungira madzi nkhalamba? Chinationonga ndi mawekishopu, mabungwe anatizoloweza kusaina alawansi ndi Fanta ngakhale pokambirana za chimbudzi chathu chomwe.

NaPhiri wa ku Muloza:
Zikomo nonse. Bambo a Chisomo mfundo ya kaundula ndi faindi ndaitola, ku banki m'khonde kwathu wochedwa amalipira ndipo palibe amadandaula. Ndikawauza amfumu Loweruka, bola ndalamayo asunge azimayi osati nduna zawo zija. Alipo akudziwa komwe tingapeze matabwa otchipa cha ku Limbuli?