Kodi Football Manager 26 ndi yoyenera kugula kwa munthu wofuna mpira wopatsirana?

A Mwale, Kasungu Boma:
Akuluakulu, ndikupempha maganizo anu ndisanatulutse ndalama. Ndikulingalira zogula Football Manager 26, gemu ya pa kompyuta imene munthu amakhala mphunzitsi wa timu ya mpira, ndipo chimene chikundikopa ndi kukonza timu yosunga mpira, yopatsirana kuyambira kwa goloboyi mpaka kutsogolo popanda kungomenya mpira m'mwamba. Ndimaphunzitsa anyamata mpira pa sukulu ina ya sekondale kuno, choncho ndikufuna kuona bwino momwe osewera ayenera kuimira pa bwalo pamene timu yawo ili ndi mpira. Laputopu yanga yatha zaka ndithu, ndipo gemuyi imagulidwa ndi madola. Inu amene mwaisewerapo, kodi kaseweredwe kameneka kamathekadi m'gemumu, ndipo kodi munthu angaphunzirepo kanthu kogwirizana ndi ndalama zake?

A Phiri, Chinkhoma:
Kamatheka, achimwene. Zimene ndinene zikuchokera mu Football Manager 2024, yomwe ndinaipeza ulere pamene Epic Games Store, sitolo ya magemu ya pa intaneti, inkaigawa mu Seputembala 2024, ndipo ndiyo ndaisewera kwambiri. M'menemo muli kale ndondomeko zokonzeratu monga Control Possession ndi Tiki-Taka, koma ine sindilimbikitsa munthu kungozitenga momwe zilili, chifukwa phindu lonse la gemuyi lili pa kudzikonzera wekha ndi kumvetsa chifukwa chake chinthu chilichonse chili pamene chili.

Ine ndimayamba ndi 4-3-3, wosewera mmodzi wapakati, nambala 6, atakhala kutsogolo kwa otchinga kumbuyo. Goloboyi ndimamupatsa udindo wa Sweeper Keeper, wotuluka pagolo kudzathandiza otchinga, ndi kumuuza kuti azipereka mpira kwa otchinga kumbuyo apakati. Timu yonse ndimaiuza kuti izipatsirana pafupipafupi, isamafulumire, iziyamba kusewera kuchokera kumbuyo, ndiponso isamangowombera ili patali koma izilowa ndi mpira m'bokosi. Izi n'zosavuta, aliyense angadinepo. Povuta ndi pa maudindo. Wotchinga wa kumanja ndimamupatsa udindo wa Inverted Wing-Back, kutanthauza kuti tikakhala ndi mpira amalowa pakati n'kuima pambali pa nambala 6. Wa kumanzere ndimamupatsa Inverted Full-Back, udindo umene unayamba mu Football Manager 2024, ndipo iye amasendera mkati kukhala wachitatu kumbuyo. Mukayang'ana bwalo kuchokera pamwamba mumaona atatu kumbuyo, awiri patsogolo pawo, ndi asanu kutsogolo, ndipo aliyense amene wagwira mpira amakhala ndi anzake awiri kapena atatu oti awapatsire. Tsiku limene mudzaone timadontho toimira osewera tikusuntha motero pa sikirini mudzamvetsa zimene mphunzitsi Guardiola wachitapo ku Manchester City kuposa momwe mumamvetsera poonera pa TV, pakuti kamera imatsata mpira ndipo osewera amene ali kutali nawo simuwaona.

A Banda, Santhe:
A Phiri afotokoza bwino, koma iwo anaipeza ulere, pamene a Mwale akufunsa za kugula. Zimenezi n'zosiyana. Kuyambira pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse cha madola chinakhala cholemera, ndipo pamwamba pa mtengo wa gemuyo muikepo bandulo yoitsitsira ndi ina ya zosintha zimene opanga amatumiza nthawi ndi nthawi. Muikeponso khadi ya kubanki yololedwa kugula zinthu kunja. Kenaka ganizirani magetsi: masewero amodzi mukafuna kuwaonera mokwanira kuti muphunzirepo kanthu amatenga nthawi, ndipo laputopu yakale batire lake silipirira.

Chachiwiri, ligi yathu simungaisankhe m'gemuyi momwe imabwerera. Munthu wofuna kutsogolera Bullets, Wanderers kapena Silver Strikers ayenera kufunafuna mafayilo okonzedwa ndi anthu ena. Ndiye mudzakhala mukukonza mpira wa ku Ulaya, pa mabwalo osalala, ndi osewera amene mpira suwathawa kuphazi. Anyamata anu amasewera pa bwalo la fumbi lokhala ndi zitunda, pomwe mpira wochoka kwa goloboyi kupita kwa wotchinga kumbuyo ukhoza kudumpha n'kugwera mdani. Ine ndikuona kuti ndalama imeneyo ingagule mipira ingapo ndi zoikira malire pochita masewero olimbitsa thupi, ndipo anyamatawo angapindule msanga.

Mayi Nkhoma, Mtunthama:
Ine ndili ndi Football Manager 26, choncho ndiyankhe mbali imene a Phiri sanaifike. Gemuyi inatuluka mu Novembala 2025, pambuyo poti kampani yoipanga, Sports Interactive, inalephera kutulutsa ya 2025 n'kulengeza mu Febuluwale chaka chomwecho kuti yaisiya. Pa nkhani imene a Mwale akufunsa, chatsopano chachikulu n'chakuti tsopano mumakonza kaimidwe kawiri: kena ka pamene timu ili ndi mpira, kena ka pamene ilibe. Zimene a Phiri amachita mozungulira pogwiritsa ntchito maudindo kuti 4-3-3 isanduke 3-2-5, inu mukhoza kuzijambula mwachindunji, kenaka n'kujambulanso kuti mpira ukatayika timu ibwerere pa 4-1-4-1 kapena 4-4-2. Kwa mphunzitsi wa mpira, ichi chokha n'chamtengo wapatali, chifukwa chimakukakamizani kudzifunsa kuti wosewera uyu, amene ndamuika pakati tikamaukira, adzathamanga mtunda wotalika bwanji kuti abwerere pamalo pake. Mukamuika patali kwambiri mudzaona mdani akudutsa pa mpata womwewo mobwerezabwereza.

Koma sindikubisirani zovuta. Gemuyi anaimanga mwatsopano pa Unity, pulogalamu yopangira magemu, ndipo maonekedwe a masamba ake anasintha kwambiri, moti anthu ambiri amene anazolowera zakale anadandaula itangotuluka. Inenso zinthu zina zimene kale ndinkazipeza podina kamodzi ndimachita kuzifunafuna. Komanso imafuna kompyuta yamphamvu kuposa ya 2024. A Mwale, musanachite chilichonse tsegulani tsamba lake pa Steam, sitolo ya pa intaneti yogulitsa magemu, muwerenge zofunika pa kompyuta, muyerekeze ndi laputopu yanu. Ikapanda kukwanira, nkhani yonseyi yathera pomwepo.

A Banda, Santhe:
Mayi Nkhoma, ndikuvomereza kuti kaimidwe kawiriko n'kothandiza. Koma funso langa lina ndi lakuti: kodi mpira wopatsiranawo umapambana? Mu 2018 Spain inapatsirana mipira yoposa 1,000 polimbana ndi Russia, ndipo inatuluka pa mapenate. Mu 2022 zinabwerezanso ndi Morocco, masewero n'kutha 0-0, Spain n'kutulukanso pa mapenate. M'gemumu inenso ndinaona zomwezo pa laputopu ya mnzanga: timu imasunga mpira masewero onse, mdani n'kupeza mpata umodzi wokha, n'kuchinya. Ndipo kwa ine njira yachidule yopambanira mu Football Manager yakhala Gegenpress, kuthamangitsa mdani ndi kuukira mwaliwiro. Munthu angagule gemu pofuna kuphunzira kusunga mpira, n'kupezeka kuti gemuyo ikumukokera kwina.

A Phiri, Chinkhoma:
A Banda, zitsanzo zanuzo n'zoona, ndipo n'zimene zikundipangitsa kunena kuti gemuyi ndi yoyenera kugula. Kusunga mpira osalowa nawo m'bokosi kuli ngati kusamalira fodya chaka chonse n'kumusiya m'shedi osapita naye ku okushoni. Gemuyi imakulangani mukachita zimenezi, ndipo koposa apo imakuonetsani pamene palakwika. Masewero akatha mumatsegula chithunzi cha kapatsiranidwe, ndipo mukaona mizere yokhuthala ili pakati pa otchinga kumbuyo awiri ndi nambala 6 basi, kutsogolo kuli mizere yopyapyala, mumadziwa kuti mpira ukungozungulira pamalo popanda choopsa. Muyang'anenso xG, muyeso wosonyeza ngati mipata imene munapeza inali yoti n'kuchinyadi. Mukasunga mpira kwambiri koma xG ili pansi, vuto si tsoka.

Mankhwala ake ndi maudindo osakanikirana. Kulakwitsa kumene ndimaona kwa ambiri ndi kupatsa aliyense udindo wobwera kudzalandira mpira kuphazi. Mukaika osewera atatu opanga masewero pakati, ndi wakutsogolo amene nayenso amatsikira pakati monga False Nine, ndiye kuti palibe amene akuthamangira kumbuyo kwa otchinga a mdani, ndipo iwo amangoima pamzere wawo mosatekeseka. Pafunika mmodzi kapena awiri othamangira m'mipata: wakumbali wolowa mkati molunjika ku golo, kapena wapakati wa udindo wa Mezzala, amene amathamangira kutsogolo chakumbali. Pafunikanso wina woima m'mphepete mwenimweni mwa bwalo kuti atambasule otchinga. Ine mbali imodzi ndimaika wokhala kumzere, mbali inayo wolowa mkati, ndipo mmodzi yekha pakati ndimamulola kuponya mipira yoopsa ngakhale ina itayike.

Za Gegenpress, musazione ngati zotsutsana ndi kusunga mpira. Barcelona ya Guardiola, kuyambira 2008 mpaka 2012, inkalanda mpira msanga ukangotayika, ndipo n'chifukwa chake inkakhala nawo nthawi yaitali. M'gemumu inenso ndimauza timu kuti mpira ukatayika iukire pomwepo, ndipo mzere wa otchinga ndimaukweza. Koma mzere wokwera umafuna otchinga aliwiro, apo ayi mpira umodzi wautali ukupwetekani monga mwanenera.

A Mwale, Kasungu Boma:
Zikomo nonse. A Phiri, zimene mwafotokozazi zikumveka ngati za matimu olemera. Nanga munthu akatenga timu yaing'ono, ya osewera wamba, zimathekabe? Ndikufunsa chifukwa kumeneko n'kumene kukufanana ndi zanga.

A Phiri, Chinkhoma:
Zimatheka pang'ono pang'ono, ndipo timu yaing'ono ndi imene imaphunzitsa kwambiri. Wosewera aliyense ali ndi manambala kuyambira 1 mpaka 20 pa luso lililonse. Pa mpira wopatsirana musayang'ane kupatsira kokha. Yang'anani kulandira mpira koyamba, kudekha, kusankha bwino chochita, ndi kuyenda pamene alibe mpira. Wotchinga kumbuyo amene kudekha kwake kuli 7 mukamuuza kuti aziyamba masewero ali pafupi ndi golo lake adzapereka mpira kwa mdani, ndipo mudzaona ndi maso anu. Pamenepo mumaphunzira kuchepetsa: goloboyi aziponyera otchinga a m'mbali m'malo mwa apakati, kapena timu izidutsa msanga gawo lakumbuyo n'kukasunga mpira pakati pa bwalo. Ligi ya ku South Africa ilimo mu Football Manager 2024, choncho mukhoza kutenga timu ya kumeneko yomwe ili pansi n'kuyesa.

Dziwaninso kuti timu siizolowera kaseweredwe katsopano tsiku limodzi. Pali muyeso wosonyeza momwe osewera azolowerera ndondomeko yanu, ndipo umakwera ndi masewero okonzekera ndi opimana mphamvu nyengo isanayambe. Amene amasintha zonse akangogonja kawiri sadzaona kanthu.

A Zulu, Nkhamenya:
Ndiwonjezere za pa foni, poti ena angaganize kuti ndi njira yotsika mtengo. Football Manager Mobile imapezeka kudzera pa Netflix kwa amene ali ndi akaunti, ndipo ndi yabwino kusewera uli pa ulendo. Koma ndi yochepetsedwa, malangizo ake ndi ochepa, ndipo zambiri zimene a Phiri akufotokozazi simungazikonze mwatsatanetsatane. Pa cholinga cha a Mwale, ya pa foni siikwanira. Pa za magetsi ndi intaneti zimene a Banda anatchula, ya pa kompyuta ikatsitsidwa kamodzi imaseweredwa popanda netiweki mukaika Steam kuti igwire ntchito yosalumikizidwa, ndipo mukachepetsa chiwerengero cha maligi amene mwatsegula laputopu siivutika kwambiri.

A Banda, Santhe:
Ndamva, ndipo pa nkhani ya chithunzi cha kapatsiranidwe a Phiri andigonjetsa; chimenecho mphunzitsi angachigwiritse ntchito pojambula pa bolodi. Komabe maganizo anga pa mtengo sanasinthe. Gemuyi siidziwa kuti mnyamata wina wabwera ku masewero asanadye, wina alibe nsapato, ndipo bwalo lili ndi dzenje pakati. A Mwale akagula, agule podziwa kuti akugula chisangalalo chawo chimene chili ndi phunziro pang'ono mkati, asadzinamize kuti ndi chida cha ntchito. Ndipo asagule pa mtengo wonse. Steam imatsitsa mitengo kangapo pa chaka, makamaka chakumapeto kwa Juni ndi nyengo ya Khirisimasi.

Mayi Nkhoma, Mtunthama:
Pa kudikira kutsika kwa mtengo ndikugwirizana ndi a Banda, koma pa mawu akuti phunziro ndi lochepa ayi. Munthu amene wakhala maola ambiri akuganiza za amene adzatseke mpata wotchinga wa kumanja akalowa pakati sangaonenso masewero a anyamata ake monga kale, ngakhale bwalo likhale la fumbi. A Mwale, pali njira yodzitetezera: Steam imabweza ndalama ngati mwapempha pasanathe masiku 14 chigulireni ndipo simunasewere kupitirira maola 2. Maola amenewo musawathere pa kusankha timu ndi kuwerenga mauthenga. Tsegulani ligi imodzi yokha, pitani molunjika ku masewero opimana mphamvu, muone ngati laputopu ikuonetsa masewerowo mosadukiza.

A Mwale, Kasungu Boma:
Ndawerenga zofunika pa kompyuta pa Steam monga munanenera, Mayi Nkhoma, ndipo laputopu yanga ili m'malire mwenimweni mwa zimene akufuna. Choncho sindigula mwezi uno. Ndidikira kuti mtengo utsike, kenaka ndidzayese m'maola 2 amenewo. A Phiri, ngati Loweruka mudzakhala ku Chinkhoma, ndikupempha ndidzaone pa laputopu yanu momwe 4-3-3 ija imasandukira 3-2-5, makamaka zimene nambala 6 amachita pamene wotchinga wa kumanja walowa pambali pake.

A Phiri, Chinkhoma:
Bwerani masana, achimwene. Mudzabwere ndi mndandanda wa anyamata anu ndi malo amene aliyense amasewera, kuti tidzasankhe timu ya m'gemumu yofanana nawo mphamvu n'kuyambira pamenepo.