Amuna anga anatembenuka ataona chozizwitsa, lero akubwerera ku botolo

A admin ndibiseni dzina, abale anga ambiri ali pagulu pano.

Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala kufupi ndi Lizulu, mbali ya Ntcheu. Timalima kachewere ndi kabichi. Ine ndinakulira mu CCAP ndipo ndili m'Chigwirizano, koma bambo a kunyumba kwathu tchalitchi ankangochionera patali. Lamulungu kwa iwo linali tsiku la kachasu.

Zaka zitatu zapitazo mwana wathu wachiwiri anadwala malungo aakulu mpaka kukomoka. Tinagona m'chipatala, mwana ali pa dripi, osatsegula maso. Usiku wachitatu amayi anzanga anabwera, tinagwada m'mbali mwa bedi. Bambo ake anali pakhonde, koma atamva nyimbo analowa n'kugwada nafe. Chikwatirane ndinali ndisanaonepo misozi yawo. Anati, "Mulungu, mukandidzutsira mwanayu, botolo sindidzaligwiranso." M'bandakucha mwana anatsegula maso n'kupempha phala.

Mawu aja anawasungadi. Analowa kalasi, anabatizidwa, ndalama za kachewere zinayamba kufika pakhomo mpaka tinafolera nyumba ndi malata. Pa maliro, pa msika, paliponse ankachitira umboni za mwanayo.

Chaka chino apongozi anga, mayi awo, anagwa ndi sitiroko. Mbali ya kumanja inafa, pakamwa panapotoka. Kuchipatala anatipatsa mankhwala a BP n'kutiuza kuti tiziwachititsa mafizo. Amuna anga anati Mulungu yemwe uja achitanso. Tinasala kudya, tinakachezera kuphiri, koma mayi ali chigonere. Kenako amuna anga anayamba kunena kuti mpingo wathu mulibe moto. Apita kwa mneneri wina ku Lilongwe, wina ku Blantyre, abwera ndi timabotolo ta madzi ndi mafuta. Ndalama za matumba 9 a kachewere, zomwe tinasungira feteleza, zathera ku zopereka kwa aneneriwo zomwe amati "kubzala mbewu". Mmodzi anawauza kuti mayi asiye mapiritsi kuti chikhulupiriro chioneke, komanso kuti pali wachibale amene anawamanga. Panopa alamu anga sakulankhulana ndi azakhali awo, gogo wosalakwa amene amabwera m'mawa uliwonse kudzathandiza kusambitsa wodwala.

Lachisanu lapitali amuna anga anabwera akununkha mowa. Sindinakalipe. Iwo anangokhala pa mkeka n'kunena kuti, "Ngati anamva za mwana, akulekeranji kumva za mayi anga? Kapenatu paja anali mankhwala chabe."

Mawu amenewa ndi amene akundisowetsa tulo. Kodi munthu amene anabwera kwa Yesu chifukwa cha chozizwitsa anatembenukadi, kapena anangopangana malonda ndi Mulungu? Ine ndimakhulupirira kuti mwana wanga anachiritsidwa ndi Mulungu, ndinaona ndi maso angawa. Koma ndiwauze chiyani bambowa? Chonde musawanyoze, ndi amuna anga.

MAYANKHO

Mkulu wa mpingo, Linthipe:
Mayi, pepani ndi matenda. Musafulumire kunena kuti sanatembenuke. Woyang'anira ndende wa ku Filipi uja, pa Machitidwe 16, anadzidzimuka ndi chivomezi, koma nkhani sinathere pa chivomezipo. Paulo ndi Sila anamuuza Mawu usiku womwewo, iye ndi a m'nyumba mwake. M'mutu womwewo muli Lidiya, wogulitsa nsalu, amene anangomva ulaliki m'mbali mwa mtsinje mtima wake n'kutseguka, popanda chodabwitsa chilichonse. Onsewa anabatizidwa. Ine pamene ndikuona kuti tinalakwa ndi ifeyo ampingo. Munthu wotere timamuimika kutsogolo kuti azibwereza umboni wake, anthu n'kumaomba m'manja, koma osakhala naye pansi kumuphunzitsa za mtanda. Paulo yemweyo anapempha katatu kuti munga uchoke m'thupi mwake, sunachoke (2 Akorinto 12). Kodi bambowo alipo anawawerengerapo ndime imeneyi? Pitani kwa abusa anu, koma musakawaneneze za mowa kaye. Apempheni abwere kudzaona wodwala.

Mtsikana wa mpingo wa Pentekoste, Dedza boma:
Ine ndikupempha tisaponye miyala kwa onse opempherera odwala. Yesu amachiritsa mpaka lero, inenso ndine mboni. Koma wogulitsa madzi m'botolo ameneyo si wathu. Simoni wamatsenga anafuna kugula mphamvu ya Mzimu ndi ndalama, Petro anam'dzudzula koopsa, werengani Machitidwe 8. Abusa athu sanalipiritsepo munthu pemphero.

Namwino:
Mayi, zina zonse mukambirana pang'onopang'ono, koma ichi chokha n'cha lero: mankhwala a BP asasiye ngakhale tsiku limodzi. Munthu amene anagwapo ndi sitiroko akhoza kugwanso, ndipo BP ikakwera nthawi zambiri simveka m'thupi. Muziwatembenuza pafupipafupi kuopa zilonda, muchepetse mchere, mafizo apitirire.

Bambo wa Katolika, Mtakataka:
Ine chandikhudza ndi chija akuti "kapena anali mankhwala chabe". Ndani anawauza kuti mankhwala ndi Mulungu amapikisana? Kuno ansembe anafika ku Mua mu 1902, ndipo pambuyo pake panamangidwa chipatala cha akhate. Anzathu a chipatala cha ku Nkhoma nawo, agogo angati apita kumeneko ali ndi ng'ala n'kubwerako akuona? Amene anamanga zipatalazi anali anthu opemphera. Dripi ija inagwira ntchito, mapemphero aja anamveka, mwana ali moyo. Koma za azakhaliwo musazitenge mopepuka. Okalamba ambiri azunzidwa m'midzimu chifukwa cha mawu a "wina anam'manga". Ankhoswe ndi eni mbumba akhale pansi msanga.

Mwini funso:
Zikomo nonse, ndawerenga ndikulira. A namwino, mapiritsi sindinasiye. Ndimawapatsa mobisa m'mawa amuna anga akapita kudimba, ndipo kubisako kumandipweteka, chifukwa m'banja mwathu tinali titasiya kubisirana. Madzulo ano ndiwauza zoona.

A mkulu a mpingo, mwanena zoona, ndime ya mungayo sanaimvepo. Ngakhale ine ndinkangowakumbutsa za usiku wa kuchipatala uja, ngati kuti Baibulo lonse lili pamenepo. Ndawaimbira abusa, akuti abwera Lachiwiri.

Chinanso, dzulo ndinawapeza amuna anga atakhala pafupi ndi mayi awo akuwamwetsa phala ndi supuni, akung'ung'udza nyimbo yomwe amayi aja anaimba kuchipatala. Atandiona anasiya. Ngati pagulu pano pali bambo amene anabwererapo ku mowa atabatizidwa n'kudzukanso, chonde lembani mondiuza chimene akazi anu anachita kapena chimene sanachite. Ndikufuna ndimve kwa mwamuna.