Funso pa ma radar olondola miyala ya mumlengalenga

Anzanga amene mumatsatira za mlengalenga tandithandizeni, apa mutu waima. Chimbale chija cha radar cha Arecibo ku Puerto Rico, cha mamita 305, chinagwa mu Disembala 2020, nde ntchito yambiri yoyeza ma asteroid (miyala ya mumlengalenga) odutsa pafupi ndi dziko yatsalira Goldstone ku California yomwe mbale yake ndi ya mamita 70 basi. Poti radar imatumiza mafunde nkudikira abwerere, ndipo mwala ukatalikira kawiri mphamvu yobwererayo imachepa ka 16, kodi mbale yaing'onoyi ikufika patali bwanji? Ndikudziwa kuti mu 2021 inathandiza kutsimikiza kuti mwala wotchedwa Apophis sutigunda kwa zaka 100 zikubwerazi ngakhale udzadutsa pafupi zedi pa 13 Epulo 2029, komatu umenewo unali wodziwika kale, radar imangoloza pomwe ma telesikopu aiuza, nanga mwala wosadziwika ngati uja unaphulika mumlengalenga ku Chelyabinsk ku Russia mu 2013 wochokera mbali ya dzuwa?

China, radar ya Space Fence ya ku zilumba za Kwajalein mu nyanja ya Pacific yolondola zidutswa za ma satelayiti, singathandizenso pa miyalayi kapena mphamvu zake zimathera pafupi pompa? Amene mukudziwa tandimasulirani chonde.