Tinapita kusinema ya zakudya ija ndi amayi

Abale, ndabwera kudzatseka nkhani ija ndinafunsa milungu iwiri yapitayo. Ndimafuna kupita ndi amayi, amene abwera kudzationa kuno ku Leeds, kusinema ya Everyman komwe amakubweretsera chakudya pampando pomwe wakhala, koma ndimaopa kuti sakamasuka kudyera mumdima pakati pa alendo. Zikomo kwambiri nonse amene munandiyankha.

Ndinatsatira mawu a achemwali aja amene anati tigule matikiti pa intaneti n'kusankha sofa yakumapeto kwa mzere, kuti amayi akafuna kupita kuchimbudzi asachite kulumpha miyendo ya anthu. Zinathandizadi. Tinafikanso mofulumira n'kuitanitsa chakudya tisanalowe. Pitsa ndi tchipisi zinafika zotsatsa malonda zikadali mkati, magetsi asanazimiretu, moti amayi anaona bwinobwino zimene akudya. Umu ndi mmene ankafunira.

Atakhala pasofa paja anavula nsapato, nafunda chitenje chawo m'miyendo, n'kutsamira pilo ngati ali pakhonde kwawo. Filimu ili pakati anandigwira dzanja osalankhula kanthu. Ine misozi inalengeza. Chibwerereni anali asanamasukepo choncho.

Kwa amene mukufuna kupita ndi makolo: katebulo kake n'kakang'ono, ndiye musaitanitse zambiri nthawi imodzi. Sankhani zodya ndi manja, chifukwa mpeni ndi foloko mumdima n'zovuta kwa munthu wamkulu. Konzekeraninso m'thumba, poti kwa ife ndalama ya chakudya ndi zakumwa inatsala pang'ono kufanana ndi ya matikiti. Amayi akuti tikapitenso asanabwerere ku Zomba.