Vinyo wotchipa pa chakudya chamadzulo: ndigule kapena ndisiye?

Nachisale: Moni nonse. Loweruka ndikulandira alendo kunyumba, tonse tikhala anthu 6. Ndiphika nyama ya ng'ombe ya msuzi wa tomato ndi nkhuku yowotcha ya tsabola. Ndalama ndili nayoyi ikukwana botolo limodzi la vinyo wodula kapena awiri otchipa. Mtima uli pa otchipawo, koma ndikuopa manyazi. Ulendo watha ndinagula wofiira wotchipa, alendo atangolawa anakwinya nkhope, matambula n'kutsala odzaza. Zinandiwawa kwambiri.

Bwanali: Achemwali, yambani mwawerenga anthu. Botolo la 750 ml limatulutsa matambula 5 a 150 ml. Limodzi silikukwanirani. Gulani awiriwo.

Mayi Gondwe: Tsiku limenelo munadyera chiyani? Nanga botololo linali pati?

Nachisale: Nkhuku ya tsabola yomweyi, amayi. Botolo linakhala kukhitchini pafupi ndi chitofu masana onse.

Mayi Gondwe: Ndiye musamunamizire vinyoyo, mwanawe. Wofiira akatentha, mowa wake ndi umene umatsogola, fungo la mphesa n'kubisala. Amakoma pa madigiri 15 mpaka 18. Kenako tsabola. Vinyo wamphamvu, wa mowa wofika 14%, akakumana ndi tsabola amakolezera moto m'kamwa, ngakhale atakhala wodula chotani. Palinso tannin, wochokera ku makoko ndi njere za mphesa. Ndi uja amaumitsa nkhama ngati mwamwa tiyi wakuda yemwe masamba ake akhalitsa m'madzi. Mafuta a nyama ya ng'ombe amamufewetsa, koma pa nkhuku ya tsabola alibe chomugwira. Ine ndikanatenga wofiira mmodzi wa ng'ombeyo, Malbec kapena Merlot, ndi woyera wotsekemera pang'ono wa nkhukuyo, monga Riesling kapena Chenin blanc. Poti msuzi ndi wa tomato, Sangiovese wa ku Italy akapezeka pamtengo wabwino musamusiye. Amawawasa mofanana ndi tomato, ndiye sazimirira mu msuziwo.

Kamanga: Pepani amayi, ine ndikutsutsako. Ofiira otchipa ambiri amawasiyira shuga kuti abise kuperewera kwake. Pakumwa koyamba amakoma, koma pa nyama amakhala ngati mwathira jamu m'mbale. Alendo ndi anthu ofunika. Bola tambula imodzi yabwino kusiyana ndi ziwiri zongomeza. Ndipo ine otchipawa amandipweteketsa mutu m'mawa.

Bwanali: A Kamanga, mu 2011 katswiri wa za maganizo a anthu Richard Wiseman analawitsa anthu oposa 500 pachionetsero cha sayansi ku Edinburgh, ku Scotland, vinyo wotchipa ndi wodula, osawaonetsa mabotolo. Amene analondola anali pafupifupi theka, chimodzimodzi kungolota. Za mutuzo, kawirikawiri ndi kuchuluka kwa mowa ndi kusamwa madzi.

Kamanga: Kulawa kamodzi uli chiimire pachionetsero n'kosiyana ndi kukhala pa tebulo maola awiri. Sindikunena kuti wotchipa aliyense ndi woipa. Ndikunena kuti mwayi wogwera pa woipa ndi waukulu.

Mayi Gondwe: Pa shugayo a Kamanga akunena zoona, ndipo n'chifukwa chake muyenera kutembenuza botolo n'kuwerenga. Pa wofiira funani mawu akuti dry, kutanthauza wosatsekemera. Pakhale dzina la mphesa, dera lomwe zinalimidwa ndi chaka. Limene langolemba kuti sweet red, lopanda zonsezi, lisiyeni pa ng'ombe. Chakanso chikhale chaposachedwa, chifukwa vinyo wotchipa amapangidwa kuti amwedwe msanga, sakoma ndi kukalamba. Chotsekera chopotokola chisakuopseni. Opanga vinyo ambiri a ku Australia ndi New Zealand amatsekera chomwecho ngakhale mabotolo awo apamwamba.

Tadala: Ine ndinaphunzira kulawiratu. Madzulo a Lachisanu tsegulani wofiirayo, muthire pang'ono, mulawe ndi kachidutswa ka nyama. Akakhala bwino tsekani, muike mu firiji, mawa lake akhala ali bwinobwino. Akakanika, muli ndi tsiku lathunthu logula wina, ndipo uyo mumuthire mu msuzi. Ndinachitapo zimenezi: kapu imodzi mumphika mutakazinga anyezi, iwire mpaka itsale theka, kenako tomato. Msuzi unatuluka wakuda bii, wonunkhira nyumba yonse.

Kamanga: Zolawiratuzo ndavomera. Koma wotsekemera musathire mumphika, msuzi uwonongeka.

Nachisale: Zikomo nonse. Nditenga Malbec ndi Chenin blanc, ndilawe Lachisanu. Amayi, woyerayo ndimutulutse mu firiji nthawi yanji?

Mayi Gondwe: Kutatsala mphindi 20 kuti mukhale pa tebulo. Wofiirayo, poti agona mu firiji, atuluke kutatsala mphindi 45, ndipo asayandikirenso chitofu. Ikaninso jagi ya madzi pakati pa tebulo.