Ndalama tasonkha zija: madesiki kapena mafomu oonera maphunziro mkalasi?

Aphiri a ku Joni: Moni nonse. Nkhani ija tinaisiyira panjira Lamulungu. Ine ndimati pa ndalama tasonkhazi tipatuleko pang'ono tiprintitse mafomu oti ahedi ndi ma section head azilowa nawo mkalasi kuona mmene phunziro likuyendera, akatha nkukhala pansi ndi mphunzitsiyo kukambirana. Chaka ndi chaka timangolira zotsatira za mayeso a Standard 8 a PSLCE koma zomwe zimachitika mu Standard 2 palibe amazidziwa.

Anabanda: Mafomu achimwene, ana akukhala pafumbi? Ife tinagwirizana madesiki. Komanso imeneyo si ntchito ya a PEA, alangizi a zamaphunziro oyendera masukulu aja?

Aphiri a ku Joni: A PEA alipo mmodzi zone yonse achemwali, njinga yamoto ikasowa mafuta amangokhala pa TDC, ofesi yawo ya pa zone.

Angozo aphunzitsi opuma: Ndiyankhepo poti choko ndachigwira nthawi yaitali, ndinalipo 1994 pulayimale itakhala yaulere ana atadzaza mpaka pansi pa mitengo. Vuto si pepala ayi. Ifeyo tikangomva kuti mawa kubwera oyendera, phunziro lija timaliphunzitsiratu dzulo lake, ena mpaka kuwauza ana kuti nonse muzikweza manja, wodziwa wamanja wosadziwa wamanzere. Mlendo amalemba kuti kalasi ndiyochangamuka nkumapita. Ine tsiku lina anandichonga fomu yonse mwakachetechete, lesson plan ilipo, schemes ilipo, deti pabolodi palibe, nkusaina basi, osandiuza olo liwu limodzi loti ndikonze pati.

Anabanda: Mwamva? Ndi zomwe ndikunenazo.

Angozo aphunzitsi opuma: Ayi mayi, sindinakane. Ndikuti fomuyo ikhale yaifupi, tsamba limodzi, isakhale ya mamalikisi. Woonayo akhale kumbuyo kwenikweni kuja amabisala ana osatha kuwerenga, alembe zomwe waona ndi maso: ana awerenga okha mphindi zingati, mafunso apita kwa atsikana angati, a kukhoma aja bolodi akuliona? Muja mwa National Reading Programme, pulogalamu ya boma yophunzitsa ana kuwerenga inayamba 2016, muli zoti mphunzitsi ayambe yekha, kenako achitire limodzi ndi ana, kenako ana achite okha, ndiye gawo lachitatuli ndi limene limadumphidwa kalasi ikakhala ya ana 100. Akatuluka amuuze chinthu chimodzi chokha choti ayese sabata yamawa, osati khumi.

Nasibeko: Koma aphunzitsi eni akewo mwawafunsa? Mlamu wanga amaphunzitsa ndiye ndikudziwa, angoona ngati a kutauni tawatumizira apolisi pamene nyumba zawo zikudontha. Komanso mafomu odzazidwawo asamabwere pagulu pano ayi, mawa tidzayamba kutchulana mayina.

Aphiri a ku Joni: Apo ndavomera, azikhala mu ofesi ya ahedi. Ndipo aziyenderana okhaokha, wa Standard 1 akaone wa Standard 3.

Anabanda: Akapita kukaona mnzakeyo kalasi yake atsala nayo ndani? Muganizenso pamenepo. Ine voti yanga ikadali pa madesiki, ma ream awiri okha ndingalole.

Mlembi: Chabwino akuluakulu. Angozo lembani fomuyo pamanja mutijambulire, ine ndiimbira ahedi ndi a SMC, komiti yoyendetsa sukulu, Lachisanu timve maganizo awo kaye. Amene simunatumize ya mwezi uno Airtel Money ndi yomwe ija.

Angozo aphunzitsi opuma: Ndilemba usiku magetsi akayaka, foni yatsala 4%.